Liwu la Chingerezi lakuti "finish" landichititsa manyazi kuntchito

Nachisale, Leeds

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri lapitali, ndipo ndikupempha amene mumadziwa bwino zilankhulo kuti mundiunikire. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba panyumba ina kuno ku Leeds, ku England, ndipo mmodzi mwa amene ndimawayang'anira ndi gogo wina wamwamuna wa zaka zopitirira 90, amene masiku ano amadya movutikira kwambiri. Mwana wawo wamkazi amakhala kutali, choncho anandipempha kuti ndizimudziwitsa tsiku lililonse ngati bambo akewo adya. Tsikulo m'mawa gogowo anadya phala lonse mpaka kukombeza mbale, zimene zinali zisanachitike kwa milungu iwiri, ndipo ine chifukwa cha chisangalalo ndinatenga foni n'kulemba mofulumira kuti, "Your father is finished." Sipanadutse mphindi zitatu foni ya ku ofesi inalira, ndipo anali mayi uja, akusisima, akufunsa kuti bambo ake atisiya nthawi yanji.

Akuluakulu a pantchitopo sanandikalipire kwenikweni, anangondiuza kuti ndisadzalembenso choncho. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti anzanga a konkuno, akafuna kuchotsa mbale patsogolo pa munthu, amafunsa kuti "Are you finished?" ndipo palibe amene amadzidzimuka. Nanga ine ndinalakwitsa pati? Kusukulu tinaphunzira kuti "finish" ndi kumaliza, ndipo ine ndakhala ndikukhulupirira zimenezo kwa zaka zonsezi.

Mphunzitsi Phiri, Dedza

Achemwali a Nachisale, pepani kwambiri ndi zimene zinakuchitikiranizi. Choyamba ndikulimbitseni mtima kuti chiganizo chanu sichinaphwanye lamulo lililonse la Chingerezi. Vuto lake ndi lakuti chinali ndi makomo awiri, ndipo mayiyo analowera khomo limene inu simunaliganizire.

Mngerezi akanena kuti "he has finished" amakhala akunena za ntchito imene munthu wachita, ndipo womvera amayembekezera kudziwa kuti wamaliza chiyani. Akanena kuti "he is finished" amakhala akufotokoza mmene munthuyo alili. Patebulo ziganizo ziwirizi zimagwira ntchito mofanana chifukwa mbale ili pomwepo, aliyense akuiona, ndipo mbaleyo ndi imene ikumalizitsa chiganizo. Koma mu uthenga wa pafoni mulibe mbale. Muli dzina la munthu wokalamba, wodwala, ndi mwana amene tsiku lililonse amatsegula foni mtima uli m'mwamba. Mawu akuti "he is finished" akaima paokha onena za munthu amatanthauza kuti zake zada: wandale amene sadzasankhidwanso, wamalonda amene wagwa, wankhonya amene sangadzukenso, kapena wodwala amene palibenso chiyembekezo.

Kuti mumvetse bwino, tembenuzirani nkhaniyi m'Chichewa chathu. Inu mumafuna kunena kuti "bambo anu amaliza", koma mayiyo anamva kuti "bambo anu atha", mwinanso "atsirizika". Ife tili ndi aneni osiyana pamene Mngerezi ali ndi mneni mmodzi. Kumaliza kumafuna wochita ndi chochitidwa, pamene kutha kumachitikira chinthucho pachokha. Palibe Mchewa amene angasokoneze "agogo amaliza" ndi "agogo atha". Choncho njira yodzitetezera ndi kutchula chinthu chimene chamalizidwacho, monga "he has finished his porridge", ndipo khomo lachiwirilo limatsekeka.

Ndiwonjezere ziwiri zimene ndimakonza chaka ndi chaka m'makope a ophunzira a Fomu 3. Amalemba kuti "I finished to eat" chifukwa akutsatira "ndamaliza kudya", chonsecho mneni ameneyu amafuna kuti wotsatira wake athere ndi "-ing", kuti zikhale "I finished eating". Amalembanso kuti "the sugar is finished", kuchokera ku "shuga watha". Chiganizo chimenechi chimamveka, ndipo chakhazikika m'Chingerezi cha kuno kwathu, koma anzanu a ku Leeds kawirikawiri anganene kuti "we have run out of sugar".

Mmisiri Mbewe, Ndirande

Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma mundilole ndikutsutseni pang'ono pamene mwanena kuti Chichewa sichisokoneza. Ine ndine womanga nyumba, ndipo ndikakuuzani kuti "nyumba ija yatha" simungadziwe ngati ndikukuitanani kuti mudzalandire makiyi kapena ndikukuchenjezani kuti khoma lang'aluka ndipo chiswe chadya mitengo ya denga. Mawu ndi omwewo. Nafenso tili ndi makomo awiri.

Pantchito yathu liwu la "finishing" sitilimasulira n'komwe, timangolitenga mmene liliri. Timati nyumba yafika pa finishing pamene makoma akwera, malata akhomedwa, ndipo chatsala ndi pulasitala, siling'i, matailosi, mawindo, zitseko, mawaya a magetsi, mapaipi ndi penti. Munthu wosadziwa akamva liwuli amaganiza kuti ndi kantchito kakumapeto kopepuka, chonsecho pamenepa ndi pamene ndalama zimatuluka ngati madzi, ndipo ndi chifukwa chake m'matauni mwathu muli nyumba zambiri zofolera kale koma zopanda pulasitala, eni ake akugonamo atatchinga mawindo ndi njerwa.

Ndinakanganapo ndi bwana wina wokhala ku Joni chifukwa cha liwu lomweli. Tinagwirizana pafoni kuti ndimumalizire nyumba pa mtengo wakutiwakuti. Ine m'mutu mwanga kumaliza kunali kufikitsa nyumbayo pofolera, popeza finishing timawerengera payokha. Iye m'mutu mwake kumaliza kunali kulowa ndi sutikesi n'kuyatsa getsi. Atabwera pa Khirisimasi n'kupeza pansi pali fumbi, nkhani inafika kwa ankhoswe ngati ya banja. Kuyambira pamenepo ndimalemba papepala chinthu chilichonse chimene ndichite, ngakhale loko wa chitseko cha bafa.

Anzathu akalipentala amaligwiritsanso ntchito mwanjira ina. Kwa iwo "finish" ndi dzina la maonekedwe a pamwamba pa thabwa likapalidwa, kukwechedwa ndi sandipepa ndi kupakidwa vanishi. Tebulo la mlombwa likhoza kukhala lolimba bwino koma wogula n'kulikana chifukwa finish yake ndi yokhakhala. Pazitini za penti mumaonanso mawu akuti "gloss finish" ndi "matt finish", kutanthauza wonyezimira ndi wosanyezimira. Apa palibe chimene chikutha, pali kukongola kokha.

Mayi Nabanda, Mchinji

Popeza a Mbewe atchula za ntchito yawo, nanenso nditchule za yanga. Ndimaweta nkhuku zanyama, ndipo chakudya chake chimabwera m'magulu atatu amene aliyense woweta amawadziwa: starter ya anapiye, grower ya pakati, ndi finisher ya milungu yomalizira, nkhuku zisanagulitsidwe zikakwanitsa milungu ngati isanu ndi umodzi. Finisher imakhala ndi zomanga thupi zocheperako poyerekeza ndi starter, koma zopatsa mphamvu zambiri, kuti nkhuku ilemere ndi kunona. Tanthauzo lake ndi kufikitsa chiweto pa msinkhu woyenera msika, ndipo alimi a nkhumba ndi ng'ombe m'mayiko olankhula Chingerezi amagwiritsa ntchito liwu lomwelo.

Mwana wanga wa Sitandade 6 anandifunsa tsiku lina, akuwerenga pathumba, ngati chakudyacho ndi chimene chimapha nkhuku. Ndinaseka, koma nditaganiza ndinaona kuti mwanayo sanaphonye kwambiri, chifukwa nkhuku ikangoyamba kudya finisher ndiye kuti mpeni uli pafupi. Aphunzitsi atithandize ngati "finish off" si kupha kumene.

Mphunzitsi Phiri, Dedza

A Mbewe, ndavomera, mwandigwira pakamwa ndi chitsanzo cha nyumbacho, ndipo ndikachigwiritsa ntchito m'kalasi. Mayi Nabanda, mwalondola. "Finish off" ndi kumalizitsa chinthu chimene chatsala pang'ono, kaya ndi nsima yotsala m'mbale, kaya ndi nyama yovulala kale imene mlenje akuipha kuti isavutike.

Matanthauzo onsewa samwazikana mwachisawawa, ali ndi muzu umodzi. Liwuli si la Chingerezi chenicheni chakale. Angerezi akale anali ndi "ende", limene lero ndi "end". Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chilankhulo cha mafumu ndi makhoti kwa zaka zambiri, ndipo mawu ochuluka analowa m'Chingerezi. "Finish" linalowa m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku mneni wa Chifalansa amene lero amalembedwa "finir". Kachidutswa ka "-ish" kakumapetoko kanachokera ku "-iss-" amene amaoneka m'mitundu ina ya aneni a Chifalansa, ndipo ndi komweko kamene kali mu "punish", "polish", "abolish" ndi "establish". Chifalansacho chinatenga ku Chilatini, kumene "finis" ankatanthauza malire, monga malire a munda, kenako mapeto.

Mukagwira ganizo la malire, banja lonse la mawuwa limaoneka. "Final" ndi cha kumalire, fainolo ya mpira ija. "Define" ndi kuika malire a tanthauzo. "Confine" ndi kutsekera mkati mwa malire, ndipo "infinite" ndi chopanda malire. Amene amandisangalatsa kwambiri ndi awiri okhudza ndalama. "Fine", chindapusa chimene timalipira kukhoti kapena pamsewu, poyamba inali ndalama yothetsera mlandu, monga mmene kwa amfumu nkhuku kapena mbuzi imatsekera nkhani. "Finance" nalonso linachokera ku mneni wa Chifalansa chakale wotanthauza kuthetsa ngongole poilipira. Choncho dzina la Chingerezi la Unduna wa Zachuma lili pachibale ndi liwu limene lawavutitsa achemwali athuwa. Ngakhale pamapu alipo: Finistère ku France ndi Finisterre ku Spain ndi malo olowa m'nyanja amene anthu akale anawatcha mathero a dziko.

Tembo, Chipata

Ndikupereka ulemu kwa akuluakulu nonse. Nkhaniyi yandikumbutsa nthabwala imene imazungulira pa WhatsApp yosiyanitsa "complete" ndi "finished". Imati mwamuna akakwatira mkazi woyenera ndiye kuti ali "complete", akakwatira wosayenera ali "finished", ndipo mkazi woyenerayo akamupeza ali ndi wina ndiye kuti ali "completely finished". Ndikuona kuti nthabwalayi ikuphunzitsa zomwezo zimene aphunzitsi anena, mwachidule.

Mayi Nabanda, Mchinji

A Tembo, nthabwala yanuyo tinaimva kalekale, ndipo nthawi zonse amene amatha ndi mwamuna, ngati kuti akazi okwatiwa ndi amuna osayenera kulibe. Komabe funso lenilenilo ndi labwino, ndipo ine ndikufuna yankho lopanda nthabwala, chifukwa pa mafomu a ngongole amalemba "complete this form" osati "finish this form".

Mphunzitsi Phiri, Dedza

"Complete" linachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kudzaza. Limayang'ana ngati mbali zonse zilipo, pamene "finish" limayang'ana ngati mwafika kumalire. Fomu imadzazidwa, ndiye chifukwa chake amasankha "complete". Wophunzira akhoza kunena kuti "I have finished" belu la mayeso likalira, atayankha mafunso atatu mwa asanu, koma pepala lakelo si "complete". Mwanjira yomweyo mukhoza kunena "finish your tea" koma simunganene "complete your tea", chifukwa tiyi mukumuchotsa m'kapu, simukumudzaza. M'Chichewa "complete" ali pafupi ndi kukwana, kukwanira ndi chathunthu.

Abusa Mwale, Nkhoma

Abale ndi alongo, ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kuonetsa malo amodzi pamene kusankha pakati pa matanthauzo amenewa kuli nkhani yaikulu kwa ife olalikira. Pa Yohane 19:30, mawu a Yesu pamtanda m'Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 ndi akuti "It is finished." Kamangidwe ka chiganizochi ndi kofanana ndendende ndi ka uthenga wa a Nachisale, ndipo nachonso chili ndi makomo awiri. Munthu angamve ngati kulira kwa wogonja amene mphamvu zamuthera, kapena ngati mawu a mmisiri amene akuika pansi zida chifukwa ntchito yatheka.

M'Chigiriki ndi liwu limodzi, "tetelestai", lochokera ku tsinde la "telos", limene limatanthauza mapeto komanso cholinga. Mtundu wa mneni umene unagwiritsidwa ntchito umasonyeza chinthu chimene chachitika ndipo zotsatira zake zikadalipo. Baibulo la Chilatini linamasulira kuti "consummatum est", kutsamira ku tanthauzo la kukwaniritsidwa. Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi mmishonale William Murray, linaika liwu limodzi lokha: "Kwatha." Ndakhala ndikulilalikira Lachisanu Loyera kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndimayenera kuima n'kufotokoza, chifukwa mkhristu wa kumudzi akamva "kwatha" amakumbukira nkhokwe yopanda chimanga mu Febuluwale kapena uthenga wochokera kuchipatala. Ena amafuna kuti pakanalembedwa "zakwaniritsidwa". Ine ndimakondabe "kwatha", chifukwa ndi lalifupi monga mmene munthu wopuma movutikira angalankhulire, ndiponso limasunga mbali zonse ziwiri, imfa yeniyeni ndi ntchito yotheka.

Yerekezani ndi 2 Timoteo 4:7, vesi limene timaliwerenga pamaliro ambiri. Chingerezi chomwecho chimati "I have finished my course", ndipo omasulira athu sanabwerezenso kutha, analemba kuti "ndatsiriza njirayo". Apa pali wochita ndi chochitidwa, monga aphunzitsi ananenera. Liwu limodzi la Chingerezi, aneni awiri a Chichewa, ndipo onse ali pamalo pake.

Ndiwonjezere kanthu kakang'ono ka kukwaya. Pamapepala a nyimbo pamalembedwa "D.C. al Fine", ndipo ndinamvapo woimbitsa wina akuuza anzake kuti pamenepo wolemba akuyamikira kuti nyimbo yayenda bwino. Mawuwo ndi a Chitaliyana, amatchulidwa kuti "fi-ne", ndipo akutanthauza kuti bwererani koyambirira muimbe mpaka pamene palembedwa mathero.

Chisale, Zomba

Abusa, zikomo. Ine ndimamasulira zikalata za mabungwe kuchokera m'Chingerezi, ndipo ndikufuna kuti tisamalione liwu la Chingerezili ngati lokhalo lovuta. Mlendo wophunzira Chichewa amavutika koposa ndi mneni wathu wa kutha. Timati ufa watha, mwezi watha, nsapato zatha, ukwati watha, mankhwala atha mphamvu, wodwala watha thupi lonse. Mpaka apa Mngerezi angatsatire. Koma timatinso mtsikana watha msinkhu, ndipo pamenepo sitikunena za mapeto, tikunena kuti wakula, moyo wa uchikulire ukuyamba. Timati munthu watha mantha, kutanthauza kuti walimba mtima. Timati wathedwa nzeru. Pamwamba pa zonsezi, mneni yemweyu ndi amene timanenera kukhoza: nditha kubwera mawa, amatha kuimba, sizingatheke. Chingerezi chimafuna "can" kapena "be able" pamenepa, ndipo "finish" safikako n'komwe.

Ine ndimaona kuti kulumikizana kwake n'komveka. Amene amatha ntchito ndi amene amaifikitsa kumapeto, choncho kuitha ndi kuikhoza zimakhala chinthu chimodzi. Misintho ya mneni imawonjezeranso nthambi zina: kuthetsa mlandu, kuthera panjira, kutheratu, kuthana ndi vuto, kuthana kwa anthu okondana. Womasulira amene angotsegula mtanthauziramawu n'kutenga liwu loyamba amalemba zinthu zoseketsa. Ndinakonzapo chikalata cha ulimi chimene wina anamasulira "finished goods" kuti katundu wakutha, chonsecho chimanena za katundu wokonzedwa kale kufakitale, woyembekezera kugulitsidwa, wosiyana ndi zipangizo zosakonza monga thonje kapena fodya wamasamba. Alimi akanawerenga kuti boma likulimbikitsa kugulitsa kunja katundu wakutha, akanaganiza za kaunjika.

A Tembo ndi ena mungadabwenso ndi "finishing school". Si sukulu yomalizira maphunziro ayi. Zinali sukulu, zambiri za ku Switzerland, kumene mabanja olemera ankatumiza ana awo aakazi kukaphunzira kayendedwe, kalankhulidwe ndi kalandiridwe ka alendo. Diana Spencer, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi kalonga Charles wa ku Britain, anakhalako kanthawi kochepa pa sukulu yotere ku Rougemont mu 1978. Tanthauzo la "finish" pamenepa ndi lija la akalipentala a Mbewe, kusalaza ndi kupaka vanishi.

Jumbe, Nkhotakota

Ndikupempha kuti masewero nawonso apatsidwe mpata, chifukwa kumeneko liwuli lili ndi malamulo olembedwa. "Finish line" ndi mzere wa kumapeto kwa mpikisano, ndipo "photo finish" ndi pamene othamanga afika limodzi kotero kuti maso a munthu sangasiyanitse, mpaka aone chithunzi. Pa masewero a Olympics a ku Paris mu 2024, pa liwiro la mamita 100 la amuna, Noah Lyles wa ku America ndi Kishane Thompson wa ku Jamaica onse analembedwa masekondi 9.79, ndipo Lyles anapambana ndi masekondi 0.005 okha. Ambiri amene tinaonera tinaona ngati phazi la Thompson ndi limene linayamba kudutsa, koma lamulo limawerengera thunthu la thupi, osati phazi, dzanja kapena mutu. Ndi chifukwa chake othamanga amaponya chifuwa kutsogolo akamafika pamzere.

Pali nkhani ziwiri zimene zimandionetsa kuti kufika pamzere ndi kumaliza si chinthu chimodzi nthawi zonse. Pa masewero a Olympics a ku Mexico City mu 1968, John Stephen Akhwari wa ku Tanzania anagwa pa mpikisano wa marathon n'kuvulala bondo, koma anamanga bandeji n'kupitiriza motsimphina. Analowa m'bwalo patadutsa ola lathunthu Mamo Wolde wa ku Ethiopia atapambana kale, ndipo anali wotsiriza mwa anthu 57 amene anafika kumapeto. Atafunsidwa chifukwa chake sanasiye, anayankha kuti dziko lake silinamutumize ulendo wautali chotero kuti akayambe mpikisano, koma kuti akaumalize. M'mabuku iye analembedwa kuti anamaliza. Pa masewero a Olympics a ku Barcelona mu 1992, Derek Redmond wa ku Britain anaduka mnofu wa kuseri kwa ntchafu pa liwiro la mamita 400, ndipo bambo ake anatsika kuchokera kwa oonerera n'kumugwirira mpaka pafupi ndi mzere. Anthu onse m'bwalo anaimirira kumuombera m'manja, koma popeza anathandizidwa, m'mabuku munalembedwa zilembo za DNF, kutanthauza "did not finish".

Chimene chimandivuta pomasulira nkhani zoterezi ndi chakuti kwa ife "womaliza" ndi wakumbuyo kwa onse. Mngerezi amanena momasuka kuti "he finished first", koma ine ndikanena kuti Lyles anali womaliza woyamba anthu angandiseke. Ndimayenera kunena kuti anakhala nambala wani. Kumpira nakonso "finishing" ndi luso logoletsa mpata ukapezeka, ndipo tikamadandaula kuti timu yasewera bwino koma kutsogolo kulibe womalizitsa, timakhala tikunena zomwezo.

Mbewe wa ku Ulongwe

Ndikupereka moni kuchokera ku Angónia. Ife kuno tinaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo ndikuona kuti vutoli si la Chingerezi chokha. Mneni wa "acabar" amagwira ntchito zonsezi. "Acabou" ndi mawu amene wogulitsa amakuuzani katundu akatha, "acabamento" ndi finishing ya a Mbewe anzanga a ku Ndirande, ndipo munthu amene ali "acabado" ndi wotheratu ndi ukalamba kapena mavuto. Pali ntchito ina imene Chingerezi chilibe: "acabo de chegar" ndi kunena kuti ndangofika kumene.

Ndikufunanso kuthandiza pa mneni wa kumaliza. Anzathu olankhula Chinyungwe ku Tete ndi Chisena kumunsi kwa Zambezi amati kumala pamene ife timati kutha, ndipo Atumbuka ndi Ayao ali ndi tsinde lomwelo. Ndiye kuti kumaliza ndi kuchititsa kuti chinthu chimale, monga mmene kuthetsa kulili kuchititsa kuti chinthu chithe. Zimene aphunzitsi ananena, kuti kumaliza kumafuna wochita, zili m'kapangidwe ka liwulo.

Naphiri, Johannesburg

Kuno ku Joni amati "finish and klaar", kuphatikiza Chingerezi ndi liwu la Chiafrikaans lotanthauza zomwezo, ndipo munthu akanena zimenezi ndiye kuti nkhani yatsekedwa, safunanso kumva zambiri. Ndi zofanana ndi mmene ife timanenera kuti zatha basi. Anzathu a ku Nigeria amene timagulitsa nawo malonda amaliika kumapeto kwa chiganizo, monga "I don chop finish", kutanthauza kuti ndadya kale zonse.

Mphunzitsi Phiri, Dedza

Mayi Naphiri, zimene mwamva kwa anzanu a ku Nigeria zilinso kutali kwambiri ku Papua New Guinea. M'chilankhulo cha Tok Pisin liwuli linasanduka "pinis", ndipo ntchito yake ndi kusonyeza kuti chinthu chachitika kale, monga "mi kaikai pinis", ndadya kale. Kumeneko lasanduka chida cha malamulo a chilankhulo, mofanana ndi "kale" wathu. A Mbewe a ku Ulongwe, za kumala sindinaziganizirepo ngakhale ndakhala ndi anansi a Chiyao kwa zaka zambiri, ndipo ndikuthokoza.

Nachisale, Leeds

Ndikuthokoza nonse, makamaka aphunzitsi ndi abusa. Dzulo mayi uja anabwera kudzaona bambo ake, ndipo ndinamupepesa pamaso. Ndinamufotokozera kuti m'chilankhulo chathu tili ndi aneni awiri, ndi kuti m'mutu mwanga ndinanena woyenera koma zala zinalemba Chingerezi cha makomo awiri. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandipempha kuti ndimulembere mawu awiriwo papepala. Ndinalemba "amaliza" ndi "atha", ndipo anati kuyambira tsopano ndizimutumizira loyambalo m'Chichewa momwemo, iye adzamva. Lero m'mawa gogowo adya theka lokha la phala, choncho sindinathe kulemba liwu lililonse mwa awiriwo, ndangojambula mbaleyo n'kutumiza chithunzi.

A Chisale, ndili ndi funso lina kwa inu. Pa fomu imene timalemba usiku pali bokosi lolembedwa "task completed" ndi lina lolembedwa "task closed", ndipo anzanga awiri a ku Zimbabwe amachonga mosiyana ndi ine.

Chisale, Zomba

Achemwali, "completed" ndi ntchito imene yachitika yonse. "Closed" ndi ntchito imene simudzabwererakonso, kaya yachitika kaya yalephereka, monga pamene gogo wakana kusamba ndipo nthawi yake yadutsa. Koma malo antchito ena amaika matanthauzo awoawo pa mabokosi otere, choncho mufunse amene amayang'anira mafomuwo musanachonge usiku uno.